Dala, Ngozi ndi Mlandu: Mawu a Cholinga m'Chingerezi cha ku Chitungwiza

Chiyambi

Mwa mawu onse a Chingerezi amene amamveka tsiku ndi tsiku m'mizinda ya kum'mwera kwa Africa, ndi ochepa amene amasenza katundu wolemera ngati akuti "I didn't mean to". Mwana amene wagubuduza ndowa ya madzi amawanena. Kondakitala wa minibasi amene wapana chala cha munthu ndi chitseko amawanenanso. Naye mkulu wa boma, atolankhani akamupanikiza, amawanena ndithu, kungoti iye amawaveka jekete n'kumati "it was never our intention". Onsewa pempho lawo ndi limodzi: aweruzidwe potengera zimene ankafuna, zimene zachitikazo ziikidwe pambali. Nkhani ino ikufunsa ngati pempho limeneli ndi loyenera kulivomera, ndipo ngati ndi loyenera, lilekezere pati.

Funsoli liunikidwa kuchokera ku Chitungwiza, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa Harare, womwe udakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's. Kumeneku Chingerezi cha kusukulu, cha kukhoti ndi cha kukhonsolo chimakumana ndi Chishona cha pamsika, komanso ndi Chichewa cha ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia kukasaka ntchito ku Rhodesia. Ziyankhulo zikakumana chotere, kusiyana kwa mawu kumaonekera msanga. Kuwonjezera apo, Chitungwiza ndi umodzi mwa mizinda imene anthu ake adauzidwa cholinga chokoma pamene zinthu zowawa zinkawachitikira.

Mawu atatu amene Chichewa chimawamanga mtolo umodzi

Wophunzira wa Chichewa akafunsidwa tanthauzo la "intentionally", "deliberately" ndi "on purpose", yankho lake limakhala limodzi pa onse atatu: dala. Sakulakwa, pakuti ngakhale eni Chingerezi amawasinthanitsa mawuwa poyankhula. Koma John Langshaw Austin, katswiri wa filosofi wa ku Oxford, adaonetsa kuti mawuwa amayenda njira zosiyana. M'nkhani imene adakamba mu 1958, yomwe idasindikizidwa mu 1966 iye atamwalira kale, pa mutu woti "Three Ways of Spilling Ink", adatenga chitsanzo cha mwana wa sukulu amene wataya inki, n'kufunsa kuti mphunzitsi akufuna kudziwa chiyani akagwiritsa ntchito liwu lililonse mwa atatuwa.

Magwero a mawuwa amathandiza kuwasiyanitsa. Liwu loti "intend" lidachokera ku mneni wa Chilatini wonena za kukunga kapena kuloza chinthu kwinakwake, monga momwe mlenje amakungira uta. Motero limanena za chimene munthu walozako, chimene akudziwa kuti ndicho akuchita. Liwu loti "deliberate" lili pachibale ndi dzina la Chilatini la sikelo, ndipo limanena za munthu amene wayamba waima, n'kuyeza mbali zonse, kenaka n'kusankha. Liwu loti "purpose" limanena za chinthu chimene chaikidwa patsogolo, phindu limene munthu akulisaka kudzera m'ntchitoyo. Munthu angathe kuchita chinthu akudziwa koma osayamba waganizapo, monganso angathe kuganizapo mofatsa pa chinthu chimene sakupezapo phindu lililonse.

Chitsanzo china cha Austin ndicho chili ndi kanthu pa nkhani ino. Mkulu wina wa boma la atsamunda ku India waitanidwa mwamsangamsanga kuti akathetse chipolowe. Potuluka ndi galimoto, akuona kuti kangolo koseweretsa ka mwana wa wantchito wake kali pakati pa msewu. Akudziwa kuti angathe kuima, kutsika ndi kukachotsa, koma akuona kuti nthawi palibe. Asankha kukaponda, ndipo akapondadi. Austin adati munthuyu wathyola kangolo "deliberately", popeza adaganiza n'kusankha, koma sadakathyole "intentionally", popeza kuthyolako sikudali mbali ya zimene ankafuna. Iye ankangofuna kufika msanga. Sitinganenenso kuti adakathyola mwangozi. Apa Chingerezi chikupereka kampata kopapatiza: munthu angathe kuononga chinthu akuona, ataganiza, atasankha, n'kunenabe moona kuti sichidali cholinga chake. Mchewa atamva nkhaniyi sangachedwe nayo. Anganene kuti bwanayo adaponda dala, ndipo mwana mwini kangolo angavomereze.

Mlumikizi mmodzi, ntchito ziwiri

Kampata kena kali m'mlumikizi woti "so that". Ziganizo ziwiri izi zingaonetse: "They pulled down the cabins so that the town would be clean" ndi "They pulled down the cabins, so that many families slept in the open". Choyamba chikunena cholinga, chachiwiri chikunena zotsatira, koma mlumikizi ndi yemweyo. Chosiyanitsa ndi kampumiro kakang'ono ndi kaimidwe ka mneni, zinthu zimene khutu limazidumpha mosavuta. Chichewa sichilola kuti awiriwa avale malaya ofanana. Cholinga chimanenedwa ndi "kuti" ndipo mneni amathera ndi lembo la e: adagwetsa tinyumbato kuti mzinda uyere. Zotsatira zimanenedwa ndi "moti" kapena "mwakuti" ndipo mneni amanena zimene zidachitikadi: adagwetsa tinyumbato moti mabanja ambiri adagona panja. Chishona nachonso chimasiyanitsa "kuti" ndi "zvekuti" mwa njira yofananayo.

Chichewa chimalowetsanso cholinga m'kati mwenimweni mwa mneni. Mphatikiri -ka- ndi -dza- amanena ulendo ndi chifukwa chake nthawi imodzi: wapita kukagula ufa, wabwera kudzapepesa. Msintho womuchitira umachitanso chimodzimodzi, monga m'funso loti "wabwerera chiyani?" Makolo a Achewa a ku Chitungwiza ulendo wawo ankaunena ndi mphatikiri ameneyu. Ankapita ku Halale kukagwira ntchito, kukapeza ndalama za msonkho, kukagula njinga kapena makina osokera. Ena adayenda pansi, ena adakwera magalimoto a Ulere, ena adalembedwa ndi Mthandizi, ndipo ulendowu udakula m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Koma panalibe amene adatsazika kumudzi kuti akupita kukatchona. Kutchona ndi zotsatira: munthu amangozindikira kuti zaka zatha, ana abadwa, njira yakwawo yamera thengo. Mbiri yonse ya matchona yagona pa mpata umene uli pakati pa "kuti" ndi "moti".

Izi zisapereke chithunzi choti Chichewa ndi chiyankhulo chosabisa mlandu. Nachonso chili ndi pobisalira pake. Mwana amene waswa mbale sanena kuti ndaswa mbale. Amati mbale yasweka. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango, m'nkhani yawo ya mu 1996 yonena za aneni a Chichewa, adaonetsa kusiyana kwa misintho iwiri imene imaoneka ngati yofanana. Chiganizo choti mbale idaswedwa dala chimamveka bwino, chifukwa msintho wa -edwa umasunga malo a wochita ngakhale sadatchulidwe. Chiganizo choti mbale idasweka dala sichimveka, chifukwa msintho wa -eka umachotseratu wochitayo pamodzi ndi cholinga chake. Wonena kuti zinthu zidaonongeka wafufuta munthu m'chiganizo, monga momwe amachitira wa Chingerezi ponena kuti "lives were lost". Chiyankhulo chilichonse chimapereka zida zoululira ndi zobisira. Chofunika kuunika ndi mwini pakamwa, kuti wasankha chida chiti, pa nthawi iti.

Nyengo yachisanu ya 2005

Mu Meyi 2005, patangopita miyezi iwiri chichitikire chisankho cha aphungu cha mu Malichi, boma la Zimbabwe lidayamba ntchito yogwetsa nyumba ndi misika imene lidati idamangidwa popanda chilolezo. Ntchitoyi idali ndi mayina awiri. M'Chishona inkatchedwa Murambatsvina, kutanthauza wokana zonyansa. M'Chingerezi inkatchedwa "Operation Restore Order", kutanthauza kubwezeretsa dongosolo. Mayina onse awiri amanena cholinga, ndipo zolinga zake n'zoti palibe angazitsutse. Ndani angaime pagulu n'kunena kuti iye amakonda zonyansa kapena chisokonezo? Dzina lotere limatseka pakamwa wotsutsa asanayambe n'kuyankhula komwe.

Ku Chitungwiza, monga m'malokeshoni a Harare ndi mizinda ina, anthu ambiri ankakhala m'tinyumba ta lendi tomangidwa kuseri kwa nyumba zikuluzikulu, chifukwa nyumba za khonsolo zidali zitachepa kalekale. Tinyumba timeneti ndi timene tidagwetsedwa, nthawi zina eni ake akulamulidwa kuti agwetse okha, ndipo izi zidachitika m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chisanu chimafika pachimake. Mlembi wamkulu wa United Nations, Kofi Annan, adatuma Anna Tibaijuka wa ku Tanzania, yemwe pa nthawiyo ankatsogolera nthambi yoona za malo okhala anthu, kuti akaone. Lipoti lake, lomwe lidatuluka mu Julayi 2005, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba, kapena njira yopezera chakudya, kapena zonse ziwiri, ndipo ena pafupifupi 2.4 miliyoni adakhudzidwa mwa njira zina. Chiwerengero cha boma lenilenilo chidasonyeza kuti nyumba 92,460 zidagwetsedwa.

Mkangano umene udabuka udali wa cholinga. Boma lidati linkafuna kuthetsa umbanda, malonda a katangale ndi uve. Otsutsa adati cholinga chenicheni chidali kulanga anthu a m'mizinda chifukwa adavotera chipani cha MDC, monga adachitira a ku Chitungwiza, ndiponso kuwamwaza asanaukire boma. Mkangano wotere sutha, pakuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Palibe amene angaoloke kukaona chimene chidali m'mitima ya olamula. Chochititsa chidwi n'chakuti lipoti la Tibaijuka silidayembekeze kuti mkanganowu uyambe watha. Ponena za cholinga chimene boma lidalengeza, lidagwiritsa ntchito liwu loti "purporting", limene limanena za chinthu chodzionetsa ngati chili ndi cholinga chakutichakuti, popanda wolemba kuvomera kapena kukana. Ponena za mlandu, lidasankha liwu loti "indifference", kusalabadira masautso a anthu. Mlandu udachotsedwa pa funso loti ankafuna chiyani n'kuikidwa pa funso loti ankaona chiyani, nanga chimene ankaonacho chidawakhudza bwanji.

Anthu opanda koloza

Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere "kumusha", ndiko kunena kumudzi. Langizoli lidali ndi ganizo lobisika loti munthu aliyense wakuda wa mu mzinda ali ndi mudzi umene ukumudikira. Kwa ambiri izi zidali zoona, ngakhale zowawa. Kwa mdzukulu wa munthu amene adachoka ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Angonia zaka makumi asanu m'mbuyomo, kumudzi kudali dzina chabe lomva kwa agogo. Kwawo kudali ku St Mary's konko, kapena ku famu kapena ku mgodi kumene bambo ake adagwirako ntchito, ndipo mafamu ambiri adali atalandidwa kuyambira mu 2000, antchito ake n'kubalalika.

Anthu omwewa adali atagundidwa kale ndi lamulo lina. Mu 2001 nyumba ya malamulo idasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dzikolo m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Cholinga cholengezedwa chidali kuthetsa unzika wa pawiri. Koma ofesi ya kalembera, motsogozedwa ndi Tobaiwa Mudede, idamasulira lamuloli kuti likukhudzanso aliyense amene angathe kupempha unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo ake. Motero munthu wobadwira ku Zimbabwe, amene sadapondepo pa nthaka ya Malawi, adafunsidwa kukana unzika umene sadakhalepo nawo. Ambiri adatsala ndi ziphaso zolembedwa "alien", ndipo sadathe kuvota pa chisankho cha pulezidenti cha 2002. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza mbali ya vutoli: adazindikira ngati nzika anthu obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndiponso adaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International lidalembabe za anthu ambiri ochokera m'mabanja otere amene adalibe ziphaso.

Pa nkhani ziwirizi wolamula angathe kuima n'kunena kuti sadalinge Achewa, ndipo mwina akunena zoona. Lamulo silidatchule mtundu wa anthu, ndipo chigalimoto chogumula sichidafunse chiphaso cha mwini nyumba. M'Chingerezi cha m'maofesi, zotere zimatchedwa "unintended consequences". Apa ndi pamene womasulira amapunthwa, chifukwa Chichewa chimamukakamiza kusankha. Anene kuti zotsatira zimene sitinkazifuna, kapena zotsatira zimene sitinkaziyembekezera? Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Woyankhula amangodzimanga pa tanthauzo loyamba, loti sankazifuna, koma womvera amatola lachiwiri, loti zidamudzidzimutsa, n'kumukhululukira ngati munthu wogweredwa tsoka. Mphamvu yonse ya mawuwa yagona pa kusinthana kumeneku, kumene kumachitika mwakachetechete pakati pa pakamwa ndi khutu.

Kodi munthu ayankhe mlandu pa zimene sadafune?

Pali chifukwa chomveka chosatayira funso la cholinga. Dokotala amene wodwala wamufera pa tebulo la opaleshoni ndi chigawenga chimene chabaya munthu onse asiya maliro, koma dziko limene lingawaweruze mofanana lingakhale lopanda chilungamo. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, polemba za munthu wopha mnzake podziteteza, adati ntchito imodzi ingathe kubala zipatso ziwiri, china chofunidwa, china chosafunidwa, ndipo khalidwe la ntchitoyo limayezedwa potengera chofunidwacho. Boma nalonso silingamange msewu kapena damu popanda wina kusamutsidwa. Ndiponso vuto la uve ku Chitungwiza silidali lopeka: mipope ya zonyansa idamangidwira anthu ochepa kusiyana ndi amene ankaigwiritsa ntchito.

Koma chiphunzitso cha Aquinas chidali ndi malire ake. Iye adati wodziteteza akapyola muyeso, mlandu ndi wake, ndipo amene adakulitsa chiphunzitsochi pambuyo pake adanenetsa kuti choipa chosafunidwacho chisapose chabwino chofunidwacho. Jeremy Bentham, mu 1789, adapita patsogolo. Adati chotsatira chimene munthu wachiona kuti chibwera, napitirizabe ntchito yake, nachonso ndi chofunidwa, kungoti chafunidwa mozungulira. Makolo adanena zomwezi mwachidule: walira mvula walira matope. Mwambiwu sunena kuti wopempha mvula amakonda matope. Ukunena kuti amadziwa kuti ziwirizi zimabwera pamodzi, choncho sangalandire chimodzi n'kudzidabwitsa ndi chinzake.

Ngakhale eni Chingerezi, poyankhula tsiku ndi tsiku, satsata malire a Austin. Mu 2003 Joshua Knobe adafunsa anthu m'paki ina ku New York za mkulu wa kampani amene wauzidwa kuti ntchito yatsopano ibweretsa phindu koma iononga chilengedwe, iye n'kuyankha kuti za chilengedwe alibe nazo ntchito, akungofuna phindu. Anthu 82 pa 100 alionse adati mkuluyo adaononga chilengedwe "intentionally". Nkhani yomweyo itatembenuzidwa, kuti ntchitoyo ithandiza chilengedwe ndipo mkuluyo alibebe nazo ntchito, anthu 77 pa 100 alionse adati sadathandize "intentionally". Mtima wa mkuluyo ndi umodzimodzi m'nkhani zonse ziwiri, koma chiweruzo cha anthu chidasiyana. Zikuoneka kuti anthu wamba amaona kusalabadira choipa chodziwika ngati kuchivomera, ndipo liwu lawo la Chingerezi limayandikira kwambiri ku dala wa Chichewa kusiyana ndi momwe mabuku amanenera.

Malamulo a Zimbabwe enieniwo amavomereza mfundoyi. Lamulo la milandu ya upandu la 2004 limati munthu ndi wolakwa pa mlandu wakupha ngati ankafuna kupha, komanso ngati adazindikira kuti pali kuthekera kwenikweni koti zochita zake zibweretsa imfa, iye n'kupitirizabe. Woyendetsa minibasi pa msewu wa Seke sangapulumuke pongonena kuti ankafuna kufika msanga ku Makoni. Ngati muyeso umenewu uli woyenera kwa dalaivala, n'kovuta kupeza chifukwa choti wolemba lamulo kapena wolamula chigumulo ayezedwe ndi muyeso wopepukirapo, pamene iye ndiye ali ndi alangizi, ziwerengero ndi nthawi yoganiza.

Cholinga chimene munthu walengeza chilinso ndi njira yochiyesera. Elizabeth Anscombe, m'buku lake la 1957 lotchedwa Intention, adaonetsa kuti cholinga sichingokhala chinsinsi cha mumtima; chimaoneka m'ndondomeko ya zochita, momwe ntchito ina imatsegulira njira inzake. Wonena kuti akuphika nsima koma osatereka madzi pamoto, mawu ake amatsutsidwa ndi manja ake. Boma lidalengeza ntchito yomanga nyumba zatsopano yotchedwa Garikai kapena Hlalani Kuhle, koma Amnesty International idapeza mu 2006 kuti nyumba zomangidwa zidali 3,325 zokha. Ndipo mu Ogasiti 2008, patatha zaka zitatu chichitikire ntchito yokana zonyansa ija, mliri wa kolera udabuka ku Chitungwiza komweko, n'kufalikira dziko lonse, kudwalitsa anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000. Izi sizikutsimikiza chimene chidali m'mitima ya olamula mu 2005. Zikungoonetsa kuti ntchito zimene cholinga cha ukhondo chikadafuna, monga kukonza mipope ndi kupereka madzi abwino, sizidatsatire.

Ngozi ziwiri

Pali liwu limodzi limene Mchewa ndi Mshona a ku Chitungwiza amalitchula mofanana koma amalimva mosiyana. M'Chichewa, ngozi ndi chinthu chogwa mwadzidzidzi, chopanda mwini; wonena kuti zachitika mwangozi akupempha kuti asaimbidwe mlandu. M'Chishona, chotere chimatchedwa "tsaona" kapena "njodzi", pamene "ngozi" ndi mzimu wa munthu wophedwa kapena wolakwiridwa, umene umavutitsa banja la wolakwayo kufikira litalipira. Ashona ali ndi mwambi woti mankhwala a ngozi ndi kulipira. Liwu lomwelo limene kwa wina limatseka mlandu, kwa mnzake limanena mlandu umene wakana kutsekeka.

Kusiyanaku kukafufuzidwa bwino, miyambo iwiriyi imapezeka kuti ili pafupi. Nakonso kumudzi kwa Achewa, mawu oti mwangozi amachepetsa mlandu koma saufafaniza. Mwini ng'ombe zimene zadya m'munda wa mnzake sadazitume, komabe amapita kukapepesa ndipo amalipa. Pabwalo amafunsa ngati zidali zadala kuti adziwe kukula kwa dipo ndi mtundu wa munthu amene ali naye m'mudzi, koma funso loti woonongeredwayo atani limayankhidwa ndithu, yankho la funso loyamba likhale lotani. Mlandu suola.

Mwambo umenewu udalowa ngakhale m'Chingerezi cha kuno. Munthu akapunthwa pa msika wa Chikwanha, oima pafupi amati "sorry", ngakhale sadamukankhe ndi iwo, zimene zimadabwitsa mlendo wochokera ku England, yemwe angayankhe kuti si vuto lanu. "Sorry" ameneyu ndi pepani wovala Chingerezi. Amayang'ana kwa wopwetekedwa ndi ululu wake, pamene "I didn't mean to" amayang'ana kwa woyankhula ndi kuyera kwa mtima wake. Mawu awiriwa angathe kutsatana m'chiganizo chimodzi, ndipo nthawi zambiri amatero pakati pa anthu oyandikana. Chimene chimasowa m'zonena za maofesi ndi woyambayo.

Mathero

Pempho loti munthu aweruzidwe potengera zimene ankafuna ndi loyenera pa zinthu zimene sakadatha kuziona. Likafika pa zimene adaziona n'kuzipondabe, mphamvu yake imatha. Cholinga chimauza anthu kuti wochitayo ndi munthu wotani, ndipo chimathandiza kuyeza chilango. Sichibweza khoma logwa kapena chiphaso cholandidwa. Choncho pamene pamveka mawu a Chingerezi onena za cholinga, kaya ndi "the aim was to", "with a view to" kapena "it was not meant to", pali mafunso awiri amene ayenera kutsatira funso loti ankafuna chiyani. Loyamba ndi loti ankadziwa chiyani pamene ankayamba. Lachiwiri ndi loti ataona zotsatira, adachitapo chiyani.

Udindo waukulu pa nkhaniyi uli m'manja mwa aphunzitsi a ziyankhulo ndi omasulira. Chichewa tsopano ndi chiyankhulo chovomerezeka ku Zimbabwe, ndipo zikalata za boma, zigamulo za makhoti ndi zilengezo za makhonsolo n'zoyenera kumasuliridwa m'chiyankhulochi. Womasulira amene wakumana ndi liwu loti "unintended" sangathe kubisala monga momwe adabisalira mlembi wa Chingerezi. Akalemba kuti zosayembekezeka, wachitira umboni kuti olamula sankadziwa, umboni umene mwina iwo eni sadaupereke. Akalemba kuti zimene sankazifuna, wasiya khomo lotsekula kuti gogo wa ku St Mary's, pomva chikalatacho chikuwerengedwa, afunse yekha kuti: sankazifuna, inde, koma kodi sankazidziwa?